Opaleshoni yatha, nanga kujambulidwa mpaka liti? Mafunso ndi mayankho pa zotupa za neuroendocrine za m'mapapo

Zotupa za neuroendocrine za m'mapapo, zomwe zimachokera ku maselo otulutsa mahomoni, makamaka zija madokotala amazitcha carcinoid, si khansa yofala. Pa anthu 100 opezeka ndi khansa ya m'mapapo, amene amakhala ndi mtundu umenewu ndi mmodzi kapena awiri basi, ndipo ambiri mwa iwo sanasutepo fodya. Zambiri zimakula pang'onopang'ono, ndipo opaleshoni imachiza anthu ochuluka. Vuto lake ndi lakuti chotupa chochedwa kukula chimachedwanso kubwerera, mwina munthu atasiya kalekale kupita kuchipatala. Mayankho ali m'munsimu akuthandizani kumvana ndi adokotala anu, chifukwa ndondomeko yeniyeni ya munthu aliyense imachokera kwa iwo amene aona lipoti lake.

Adokotala anati chotupa anachichotsa chonse. Akufuniranji kumandijambulabe?

Mawu oti "chonse" amanena za zimene maso a dokotala komanso maikulosikopu ya ku labu anaona. Maselo angapo akhoza kukhala atatsetsereka kale ndi magazi opaleshoni isanachitike, n'kukakhala chete m'chiwindi kapena m'fupa. Palibe makina amene angaone timaselo tochepa chotere. Timaoneka tikakula kufika mamilimita angapo, ndipo pa matendawa zimenezi zimatha kutenga zaka.

Kujambula sikutanthauza kuti adokotala akukayikira ntchito yawo. Akufuna kuti ngati china chake chamera, chipezeke chikadali chaching'ono komanso chili pamalo amodzi, nthawi imene njira zothandizira zimakhala zambiri. Kujambula koyamba kumakhalanso ndi ntchito ina: kumaonetsa mmene chifuwa chanu chikuonekera tsopano, phapo litadulidwa, ndipo zithunzi zonse zam'tsogolo azidzaziyerekeza ndi chimenechi.

Pa lipoti langa alembapo "typical", koma mnzanga wa matenda omwewa alemba "atypical". Zikusiyana pati?

Funso limeneli ndiye phata la nkhani yonse, ndipo ndikupempha aliyense amene anachitidwa opaleshoni kuti apeze lipoti la ku labu n'kulisunga bwino. Katswiri wa ku labu amadula chotupa timagawo topyapyala, n'kuwerenga maselo amene akugawikana pa kamalo ka masikweya milimita 2. Akapeza osakwana 2, komanso palibe malo amene maselo afa mwagulu, chotupacho ndi typical carcinoid. Akapeza kuyambira 2 mpaka 10, kapena malo ofa aja alipo, ndi atypical carcinoid. Umu ndi mmene bungwe la WHO limagawira. Malipoti ambiri amalembanso nambala ya Ki-67, yomwe imasonyeza kuchuluka kwa maselo amene ali m'kati mochulukana.

Kusiyana kwake kumaonekera pa kubwerera kwa matenda. Kafukufuku wa ku chipatala cha khansa cha Memorial Sloan Kettering ku New York, amene anatuluka mu 2013, anatsata odwala oposa 300 ochitidwa opaleshoni. Chotupa chinabwerera mwa anthu 3 pa 100 alionse a typical, koma mwa anthu 26 pa 100 alionse a atypical. Mukaona manambala awiriwa mumvetsa chifukwa chake anthu awiri ogonekedwa mu wodi imodzi amatuluka ndi ndondomeko zosiyana.

Pa lipotipo onaninso zinthu ziwiri. Choyamba ndi anabere a m'chifuwa amene anachotsedwa limodzi ndi chotupa: akalemba N0, ndiye kuti analibe khansa, pomwe N1 kapena N2 akutanthauza kuti inali itafikako. Chachiwiri ndi m'mphepete mwa podulapo: R0 ndiye kuti munali moyera. Munthu wa typical, N0 ndi R0 ali m'gulu lokhala ndi chiopsezo chochepa kwambiri. Wa typical amene anabere ake anakhudzidwa amafunika kumuyang'anira pafupipafupi, mofanana ndithu ndi wa atypical.

Pali mitundu ina iwiri ya banja lomweli, large cell neuroendocrine carcinoma ndi small cell. Imeneyo imathamanga kwambiri, imafuna chemotherapy komanso kujambula kwa miyezi yochepa iliyonse, nthawi zina ndi ubongo womwe. Zimene zalembedwa pano si za mitundu iwiriyo.

Kujambula kumayamba liti, ndipo kumachitika kangati?

Akatswiri sanagwirizane ndondomeko imodzi. Malangizo a NCCN, mgwirizano wa zipatala za khansa ku America, amati sikani yoyamba ichitike pakati pa miyezi 3 ndi 12 chichitikireni opaleshoni, kenako chaka chilichonse kapena zaka ziwiri zilizonse mpaka zaka 10. Malangizo a bungwe la ku Ulaya la ENETS a mu 2015 amasiyanitsa mitundu iwiri ija. Wa typical amajambulidwa pa miyezi 3 ndi 6, kenako kamodzi pachaka, ndipo zaka ziwiri zikadutsa bwino CT (sikani ya X-ray yoonetsa m'kati mwa thupi mwatsatanetsatane) imatalikirana mpaka zaka zitatu zilizonse. Wa atypical amajambulidwa miyezi 6 iliyonse kwa zaka 5, kenako kamodzi pachaka.

Pali madokotala ena odziwa bwino ntchito amene amati munthu wa chotupa chaching'ono cha typical, N0 ndi R0, safunika kujambulidwa kawirikawiri n'komwe, popeza mwayi woti chibwerere ndi wochepa. Mfundo yawo ndi yomveka. Choncho mukamva kuti mnzanu ku London akujambulidwa miyezi 6 iliyonse pomwe inu akuti mubwere chaka chamawa, musafulumire kuganiza kuti akukunyalanyazani. Funsani kuti, "Adokotala, ine ndili m'gulu liti, ndipo mwasankhiranji nthawi imeneyi?" Dokotala wabwino sakhumudwa ndi funso lotere.

Zaka 5 zikatha ndiye kuti ndamasuka?

Pa khansa zina anthu amawerenga zaka 5 n'kupuma. Pa carcinoid nambala imeneyi isakunyengeni. Alipo odwala amene chotupa chinabwerera patatha zaka 10 kapena kuposerapo. N'chifukwa chake malangizo a ESMO, bungwe la madokotala a khansa ku Ulaya, a mu 2021 amati munthu aziyang'aniridwa moyo wake wonse, ngakhale kuti masikani amatalikirana zaka zikamapita.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si munthu amene wachedwa ndi mwezi umodzi kukajambulitsa. Ndi munthu amene wapeza bwino, wabwerera kuntchito, wasamuka tauni, dokotala wake wakale wachoka, ndipo palibe aliyense amene akukumbukira kuti panali ndondomeko. Nthawi zambiri matendawa sapweteka akamayamba kubwerera. Kumva bwino m'thupi ndi chinthu chosangalatsa, koma si umboni wokwanira.

Chotupa chinali m'mapapo. Bwanji akujambula ndi pamimba pomwe?

Chifukwa chikabwerera, nthawi zambiri sichibwerera pamalo pomwe chinali. Chimakonda chiwindi ndi mafupa, komanso anabere a pakati pa chifuwa. Sikani ya chifuwa chokha ikhoza kuoneka yoyera pomwe m'chiwindi muli kanthu.

Ngakhale chiwindicho chili ndi kajambulidwe kake. Zotupa zimenezi zimakhala ndi timitsempha tamagazi tambiri, moti mankhwala owalitsa zithunzi akangolowa m'thupi zimawala msanga, pasanathe mphindi imodzi, kenako n'kufanana ndi chiwindi chonse. Wojambula akangojambula kamodzi mochedwa, akhoza kuziphonya. Choncho amajambula kangapo motsatizana, ndipo pa pepala lopempha sikani adokotala amalemba kuti "multiphase" kapena "arterial phase". Onetsetsani kuti papepalapo alembaponso kuti munali ndi chotupa cha neuroendocrine, kuti ojambula adziwe chimene akufunafuna. MRI, sikani yojambula ndi mphamvu ya maginito, imaona bwino kwambiri timadontho ting'onoting'ono ta m'chiwindi kuposa CT, koma pa mapapo enieniwo CT ndiyo yodalirika.

Tsiku la CT kumachitika zotani?

Masiku angapo lisanafike amakuyezani magazi kuti aone mmene impso zikugwirira ntchito, chifukwa mankhwala owalitsa aja, omwe ali ndi ayodini, amatuluka kudzera mu impso. Auzeni ngati muli ndi vuto la impso, ngati mumamwa metformin wa matenda a shuga, ngati muli ndi mphumu, kapena ngati munatulukapo zidzolo kapena kubanika atakubayani mankhwala otere m'mbuyomu. Zipatala zina zimati musadye kwa maola angapo.

M'chipindamo mumazizira. Anamwino amakuikani kasingano pamtsempha wa pamkono, mumagona chagada pa kabedi kopapatiza, manja mutakweza kumutu, ndipo kabediko kamalowa m'makina aakulu obowoka pakati. Mankhwala akamalowa mumamva kutentha kukuyenda thupi lonse, m'kamwa mumamveka ngati mwanyambita chitsulo, ndipo anthu ambiri amaganiza kuti adzikodzera. Simunakodze ayi, ndi mankhwalawo, ndipo zimatha pasanathe mphindi ziwiri. Mawu amakuuzani kuti mukoke mpweya n'kuugwira kwa masekondi angapo. Ngati kugwira mpweya kukukuvutani chifukwa cha opaleshoni, kapena phewa la mbali ya bala silikwera bwino, nenani musanayambe. Kujambula kwenikweniko ndi kwa mphindi zochepa. Mukatuluka muzimwa madzi ambiri tsiku limenelo, pokhapokha ngati adokotala anakuletsani.

CT ndi yodula komanso ili kutali. X-ray wamba sangakwanire?

X-ray ya pachifuwa siona timadontho ting'onoting'ono, siona bwino anabere obisika kuseri kwa mtima, ndipo chiwindi sichioneka n'komwe. Ultrasound imaona chiwindi, ilibe cheza choopsa ndipo imapezeka m'zipatala zambiri, koma imaphonya tinthu tating'ono ndipo zotsatira zake zimadalira luso la amene wagwira makina.

Komabe tisanamizane, kwa munthu amene akukhala kutali ndi chipatala chachikulu, CT ya miyezi 6 iliyonse ikhoza kukhala yosatheka. Auzeni adokotala mosabisa za ndalama ndi mtunda. Ndi bwino kupangana ndondomeko imene mungaikwanitse, monga CT yabwino kamodzi pachaka ndi ultrasound pakati, kusiyana ndi kuvomera ndondomeko yapamwamba imene muisiye chaka chachiwiri. Ngati ndalama zikungokwanira sikani imodzi m'chaka choyamba, ikhale CT ya chifuwa ndi pamimba yokhala ndi mankhwala owalitsa.

Ndamva za sikani ya DOTATATE. Ndiyenera kuichita?

Maselo ambiri a carcinoid amakhala ndi timalo tokola homoni ya somatostatin. Pa sikani imeneyi amabaya mankhwala ofanana ndi homoniyo otchedwa DOTATATE, atawalumikiza ndi gallium-68, chinthu chotulutsa cheza pang'ono. Mankhwalawo amakamatirira pa maselo a chotupa kulikonse kumene ali, ndipo makina a PET amawaona akuwala. Mphamvu ya gallium-68 imatsika ndi theka pa mphindi 68 zilizonse, choncho amakonza mankhwalawo tsiku lomwelo pafupi ndi makina, ndipo mukachedwa pa nthawi imene anakupatsani sikaniyo imatha kulephereka. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene imapezekera m'zipatala zochepa. Ku South Africa imachitika m'zipatala monga Steve Biko Academic ku Pretoria ndi Tygerberg ku Cape Town, ndipo ku India ndi ku Britain iliko m'mizinda ikuluikulu.

Si sikani ya chaka ndi chaka. Ntchito yake yaikulu ndi pamene CT kapena MRI yaonetsa chinthu chokayikitsa, pamene zizindikiro zilipo koma CT sikupeza kanthu, kapena pamene akufuna kudziwa ngati mankhwala ena angagwire. Imawalanso m'malo amene mulibe matenda, monga kapamba, impso ndi chikhodzodzo, komanso pamene pali kutupa kwa mtundu wina, choncho musachite mantha mukaona chithunzi chili ngwee musanamve kwa katswiri. Zotupa zina za atypical sizikola bwino mankhwalawa, ndipo pamenepo amagwiritsa ntchito PET ina ya FDG, yomwe imatsata mmene maselo akudyera shuga. Ngati mumabayidwa octreotide kapena lanreotide mwezi ndi mwezi, auzeni akamakupatsani tsiku la sikani, chifukwa mankhwala amenewa amakamatira pa timalo tomwe tija.

Kodi cheza cha makinawa sichingandiyambitsire khansa ina?

Nkhawa imeneyi ndi yoyenera, makamaka popeza carcinoid imagwiranso anthu a zaka za m'ma 20 ndi 30, amene ali ndi zaka zambiri zojambulidwa patsogolo pawo. CT imodzi ya pachifuwa imapereka pafupifupi mamilisiveti 7 (milisiveti ndi muyezo wa cheza). X-ray ya pachifuwa imapereka pafupifupi 0.1, pomwe munthu aliyense amalandira pafupifupi 2.4 pachaka kuchokera ku nthaka, mpweya ndi mlengalenga. Chiopsezo cha sikani imodzi ndi chaching'ono, koma masikani akachuluka chimaunjikana.

Kwa munthu wa atypical, phindu la kujambula limaposa chiopsezocho kutalitali. Kwa wachinyamata wa typical yaing'ono, nkhani ya cheza ndi imodzi mwa zifukwa zotalikitsira masikani, kugwiritsa ntchito CT ya mphamvu yochepa pachifuwa, ndi MRI pachiwindi, popeza MRI ilibe cheza chotere. Kupempha sikani yowonjezera pongofuna kukhazika mtima pansi sikothandiza nthawi zonse. Ngati ndinu oyembekezera kapena mukukayikira, nenani musanalowe m'chipinda chojambulira. Sikani ya nthawi zonse itha kudikira kapena kusinthidwa.

Lipoti lati m'phapo muli kadontho. Ndiye kuti yabwerera?

Nthawi zambiri ayi. Timadontho ta m'mapapo timapezeka mwa anthu ambiri amene alibe khansa. Pamalo podulidwa pamatsala chipsera ndi tizitsulo tosokera, ndipo m'miyezi yoyambirira pamatha kukhala timadzi kapena anabere otupa chifukwa cha opaleshoni yomweyo. Chimene katswiri amafuna kudziwa ndi chakuti kadonthoko kanalipo kale kapena ayi, ndipo kakukula kapena kangokhala. Yankho lake limapezeka poika chithunzi chatsopano pambali pa chakale. Akakuuzani kuti mubwerenso pakatha miyezi 3 kapena 6, sikuti akuzengereza, akufuna kuona khalidwe la kadonthoko.

Kwa ife a kuno kum'mwera kwa Africa pali nkhani ya chifuwa chachikulu. TB yakale imasiya zipsera ndi timadontho, ndipo TB yatsopano imatupitsa anabere komanso imawala pa PET ya FDG ngati khansa. Ngati munamwapo mankhwala a TB, auzeni ojambula, makamaka mukakhala kunja kumene madokotala sakumana ndi TB kawirikawiri. Kwathu kuno ngozi yake imakhala yotembenuka: munthu akatsokomola kwa milungu ingapo, aliyense amaganiza za TB, ndipo carcinoid imatha kusokonezedwa ndi TB kapena mphumu kuyambira pachiyambi pomwe. Kuyezetsa makhololo n'koyenera ndithu. Koma zotsatira zikasonyeza kuti mulibe TB, musayambe mankhwala ongoyerekeza musanawakumbutse kuti munachitidwa opaleshoni ya chotupa cha m'mapapo, ndipo pemphani kuti aganizire za CT.

Pali vuto lina losowa lotchedwa DIPNECH, lomwe limapezeka kwambiri mwa amayi a zaka zapakati ndi achikulire. Limabweretsa timadontho tambirimbiri m'mapapo onse awiri pamodzi ndi chifuwa chosatha. Timadontho timeneti si khansa yofalikira, koma timafuna kuyang'aniridwa kwa nthawi yaitali.

Akuti andilowetse kachubu kokhala ndi kamera m'njira ya mpweya. N'chifukwa chiyani, popeza CT ili bwino?

Ma carcinoid ambiri amamera m'kati mwa njira zikuluzikulu za mpweya. Ngati adokotala anadula kachigawo ka njirayo n'kulumikiza mbali ziwiri kuti apulumutse phapo, kapena ngati anadula pafupi kwambiri ndi chotupa, kamera imaona msokowo bwino kuposa CT. Amatcha bronchoscopy. Amakupoperani mankhwala ochititsa dzanzi kukhosi komanso okugonetsani pang'ono. Si onse amene amafunika kuyezedwa chotere.

Magazi sangauze ngati chotupa chabwerera?

Pali kuyeza kwa chromogranin A, koma pa carcinoid ya m'mapapo sikodalirika kwenikweni. Nambala imatha kukhala yabwinobwino matenda alipo, ndipo imatha kukwera popanda matenda. Omeprazole, amene anthu ambiri amamwa chifukwa cha zilonda za m'mimba kapena kutentha pamtima, amaikweza kwambiri, chimodzimodzinso vuto la impso. Kuyeza magazi sikulowa m'malo mwa kujambula.

Ndi zizindikiro ziti zimene sindiyenera kudikira nazo tsiku langa?

Kutsokomola magazi, ngakhale pang'ono. Chifuwa chatsopano chosatha, kulira kwa m'chifuwa popuma, kapena chibayo chobwerezabwereza mbali imodzi. Kupweteka kwa msana kapena fupa pamalo amodzi, kumene kukukulirakulira ndipo kumakudzutsani usiku. Kupweteka pansi pa nthiti za kumanja, maso achikasu, kapena kuonda popanda chifukwa. Ngati msana ukupweteka limodzi ndi kufooka kwa miyendo kapena kulephera kugwira mkodzo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Zotupa zina zimatulutsa mahomoni. Munthu amamva nkhope ndi khosi zikutentha mwadzidzidzi, mtima ukugunda, ndiponso kutsegula m'mimba kosatha. Mabuku ambiri amati nkhope imafiira, koma pa khungu lakuda kufiirako sikuoneka bwino, choncho fotokozani zimene mukumva osati zimene zikuoneka. Ena nkhope imafufuma n'kukhala yozungulira, amanenepa pamimba, miyendo imafooka, ndipo shuga ndi BP zimakwera mosayembekezereka. Zimenezinso n'zofunika kuzinena.

Kupweteka kapena dzanzi pa chipsera cha opaleshoni kumatha kukhalapo kwa miyezi yambiri chifukwa cha mitsempha ya pakati pa nthiti, ndipo pakokha si chizindikiro cha khansa.

Opaleshoni yanga inachitikira kunja, ndipo ndabwerera kumudzi. Ndichite chiyani?

Musanachoke kuchipatalako tengani lipoti la ku labu, kalata yofotokoza opaleshoni imene anachita, ndondomeko yolembedwa ya kujambula, komanso zithunzi zenizenizo pa CD kapena pa fulashi. Lipoti lolembedwa palokha silikwanira, chifukwa katswiri wa kuno afunika kuona zithunzizo ndi maso ake kuti ayerekeze. Jambulani mapepala onse ndi foni n'kutumiza kwa wachibale wodalirika, ndipo zithunzizo muzisunge malo awiri. Ku Malawi pemphani kuti dzina lonse la chotupa ndi tsiku la sikani yotsatira zilembedwe m'buku lanu la kuchipatala, kuti aliyense amene angalitsegule azione. Makina akawonongeka kapena mzere ukatalika, sikani imachedwa, choncho yambani kufunsa tsiku kudakali mwezi umodzi kapena iwiri. Ndipo mukajambulitsa, musaganize kuti kukhala chete kwa chipatala ndiye kuti zonse zili bwino. Pitani mukafunse zotsatira.

Nanga sikani ikapeza kuti chabwereradi?

Kawirikawiri amayamba ndi kutsimikiza, pochita PET kapena kutenga kanyama pamalopo kuti akayeze, chifukwa chotupa chobwerera chimatha kukhala ndi liwiro losiyana ndi choyamba. Chikakhala pamalo amodzi kapena ochepa, opaleshoni ina kapena kuchiwotcha ndi singano m'chiwindi kumatheka. Chikakhala m'malo ambiri, pali majakisoni a mwezi ndi mwezi a octreotide kapena lanreotide, mapiritsi a everolimus, chemotherapy monga temozolomide, komanso lutetium-177, yomwe imatsata timalo tomwe tija timene PET ya DOTATATE imaonetsa. Ena amene chotupa chawo chikuyenda pang'onopang'ono kwambiri amangoyang'aniridwa kaye popanda mankhwala. Anthu ambiri amakhala zaka zochuluka ndi matendawa akugwira ntchito zawo. Pemphani kuti nkhani yanu ikambidwe ndi gulu la akatswiri, opaleshoni, khansa, zithunzi ndi labu pamodzi, ndipo tsiku lokamva zotsatira mupite ndi munthu wina woti azilemba zimene adokotala akunena.